Ng'ombe Zinafa Chomwera Chili Chodzaza

A Pasipoti anaona miimba asanaone geti la famu yawo. Inkazungulira m'mwamba mosafulumira, ngati alendo odziwa kuti mpando wawo ulipo kale. Anaponda moto, galimoto inaulutsa fumbi, ndipo katoni ya zipewa zomwe anagulira antchito pa ulendo wawo wakunja inagubuduka kumbuyo.

Dzina la Pasipoti anawapatsa ndi anthu, chifukwa mkuluyu sankatha kupereka moni osatchulapo dziko lina. Ndipo ankayenera, poti kuyenda anayendadi. Anachoka kwawo ndi malaya amodzi ndi nsapato za tayala. Anapala ndowe m'makola a eni ake kutsidya kwa nyanja, anakwera sitima zapamadzi zonyamula ng'ombe mpaka kusanza ndulu, anagona m'chisanu chothothola makutu. Kumeneko n'komwe anatola nzeru yomwe inawalemeretsa: ng'ombe isamayende. Itsekereni m'khola, muziibweretsera madeya, chimanga chogaya ndi mchere pakamwa pomwe, madzi asaphwe m'chomwera, ndiye pakatha miyezi yochepa mudzaganiza kuti mukuweta mvuu.

Atabwerera n'kugula malo m'dera louma, komwe mvula imangodutsa ngati ikupita kumaliro a kwina, anthu anawaseka mpaka kugwira nthiti. Iwo anaboola mjigo wakuya kuposa ina yonse, anakweza thanki pansanja, anandandalika makola asanu ndi limodzi. Oseka aja anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzapempha ntchito. Ukapitawo wa zonsezo anaupereka kwa mng'ono wawo wa bere limodzi, yemwe anamulera okha makolo atamwalira, munthu wosalankhulalankhula moti antchito ankangomutcha Phee.

Tsono lero khola lachiwiri, loyandikana ndi mpanda wa waya, linali zii. Ng'ombe zonse zinali gonegone, mimba zili tuu, miyendo ili m'mwamba ngati matebulo ogubuduzidwa. Pakati pa izo chomwera cha simenti chinali chodzaza mpaka m'milomo, madzi akunyezimira padzuwa.

"Poizoni, achimwene," anatero Phee, maso ali pansi. "Atithirira m'madzi."

"Ndani?"

"Mnansi wathu wa mbuzi uja. Mlonda anamuona dzulo pampandapa ali ndi ndowa. Apolisi amugwira kale."

A Pasipoti anamenyetsa chipewa pansi. "Ine? Munthu amene ndinawoloka nyanja osamira, andigwetse wa mbuzi? Ammange! Akaolere komweko, kiyi wa chitolokosi akamuponye m'chimbudzi!"

"Mwatha, bambo?"

Anali a Sajeni a polisi, mayi wamfupi wojintcha, yunifolomu yotuwa ndi fumbi, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Ngati mwatha, tandiuzani. Galu uyo ndi wanu?"

Galu wa pafamupo anali ataponda m'mphepete mwa chomwera ndi miyendo yakutsogolo, akukhathamira madzi, mchira ukugwedezeka.

"Chifikire ine m'mawa wamwa katatu," anatero a Sajeni. "Njiwa nazo zamwa, zauluka. Poizoni wa kuno amasankha, eti?"

* * *

Dokotala wa ziweto anali atagwada pambali pa ng'ombe yomwe anaitumbula, magazi mpaka m'zigongono. Anali munthu wosataya mawu.

"Poizoni mulibe. Tolani ndowe iyo."

A Pasipoti anatola. Inali youma, yolimba, timibulu.

"Ng'ombe ya madeya imachita ndowe zamadzimadzi, mukudziwa kuposa ine. Izi zili ngati za mbuzi. Onaninso m'chomweramo."

Pamwamba pa madzi pankayandama tizidutswa ta ndere, topiringizika ngati khungu lomwe njoka yafundula. Ndere yoti inauma kaye n'kusweka, kenako madzi n'kubwera kudzaitukula. Chitsulo chotchinga chomweracho chinali chitapindika, ubweya utakanirira pamenepo.

"Zakhala masiku osamwa, padzuwa ili, zikudya chakudya cha mchere," anatero dokotala. "Kenako wina watsegula madzi onse nthawi imodzi, zalimbirana mpaka kupinda chitsulo. Ng'ombe yotero mumaipatsa pang'ono, n'kudikira, n'kuipatsanso pang'ono. Mukaisiya imwe mmene ikufunira, bongo umatupa. Imazungulira, imagwa, imaphupha, basi."

"Mukuti ng'ombe zanga zafa ndi madzi?"

"Zafa ndi ludzu. Madzi angomalizitsa."

"Ludzu pa famu yanga? Adokotala, mjigo uwu anaboola ndi makina omwe ndinakasankha ndekha kunja! Pansipa pali nyanja!"

A Sajeni sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa Phee. "Akapitawo, madzi amapita bwanji m'makolamu?"

Phee analoza kanyumba ka njerwa pansi pa thanki. Mmenemo munali mipopi, khola lililonse wakewake, ndipo pachitseko panali loko wamkulu.

"Kiyi amasunga ndani?"

"Mmodzi achimwene, anapita naye kunja. Wina ine. Sachoka m'khosi mwanga, amayi."

"Nanga inu masiku amenewa munali kuti?"

"M'tawuni, kophera ng'ombe, chiyambire Lolemba. Ndafika dzulo dzuwa litalowa, ndapeza zikugwa."

"Mwamva?" anatero a Pasipoti, n'kuika dzanja paphewa la mng'ono wawo. "Uyu msiyeni, uyu ndi ine ndemwe. Wa mbuzi uja ndiye watseka paipi penapake. Anthu ansanje ali ndi nzeru za usiku."

"Tiyeni tikamumve," anatero a Sajeni. "Loko uja ndamuona. Sanakhudzidwe."

* * *

Wambuzi anali atakhala kumbuyo kwa galimoto ya polisi pansi pa mtengo waminga, unyolo uli m'manja. Anali wowonda ngati mpini wa khasu. Iye ndi a Pasipoti anakulira limodzi, ankasaka mbewa limodzi ali ana.

"Mwabwerako, a Pasipoti? Kunja kuli bwanji, mvula ikugwa?"

"Usandinyogodole iwe. Suja unaima pamsonkhano n'kunena kuti ng'ombe zanga zidzaona zakuda?"

"Ndinanena, sindikukana. Chitsime changa anakumba ndi agogo, sichinaphwepo ngakhale zaka za chilala. Inu mwaboola mjigo wanu, chauma gwa. Lero ndimakatunga kutali pa ngolo ya bulu. Mumafuna ndikuombereni m'manja?"

"Ndowa ija munali chiyani, bambo?" anafunsa a Sajeni.

"Madzi, amayi. Ng'ombe zinalira mpaka ife kusowa pothawira. Kulira kwa njala ndi kwina, kwa ludzu ndi kwina. Kwa ludzu ndimakudziwa, mbuzi zanga zinandiphunzitsa. Dzulo m'mawa ndinati ndikasuzumire. Ndapeza chomwera chili gwa, ng'ombe zikunyambita simenti, ina yagona pawaya lilime lili panja. Ndinaithira ndowa imodzi kukamwa ndi kumutu. Madzi omwe akanamwa adzukulu anga." Anakweza manja, unyolo unalira. "Ndiye zikomo wake ndi zibangili izi."

"Bwanji simunauze munthu?"

"Ndinauza. Kapitawo wawoyo."

"Wabodza!" anakuwa a Pasipoti. "Anali m'tawuni!"

"Ndiye kuti mayi anu anabereka mapasa osakuuzani, poti amene ndinalankhula naye pageti dzulo m'mawa anali yemweyo, ndi chipewa chake chomwe. Anandiuza kuti ndizisamala za mbuzi zanga."

A Pasipoti anaseka mokweza kuti onse amve. Koma kusekako kunatuluka kouma, ndipo atatembenuka kuti Phee ayankhe yekha, anapeza kuti sali nawo.

* * *

Woyendetsa pampu anawalandira akupukuta manja ndi sanza, maso akuthawathawa.

"Ine ndi mayi uyu basi," anatero akusisita pampuyo ngati msana wa mkazi wake. "Za mipopi sindikhudza, za makiyi sindidziwa, za anthu sindimva. Mundilembe choncho, amayi."

"Sindikulemba kanthu. Mayi anuwo ali bwanji?"

"Aa, akudwala. Kale ndikamudzutsa m'mawa, tisanamwe tiyi thanki yasefukira. Pano amakoka pang'ono, kenako khoo, khoo, kutsokomola mpweya ndi mchenga. Tawonjezera mapaipi kuti afike pansi, koma madzi akungotsikabe ngati akuthawa apongozi. Thanki imalekera pakati. Ndikamukakamiza amatentha thupi."

A Pasipoti anamva ngati wina wawathira mchenga m'makutu. "Kuyambira liti zimenezi?"

"Nyengo yozizira yathayi, bwana."

"Ndiye iwe uli ndi pakamwa pa chiyani? Bwanji osandiuza?"

"Ndinauza a kapitawo. Anati bwana magazi awo amathamanga, tisawasowetse mtendere, akonza okha. Nanga ine ndidumphe mutu wa m'bale wanu, ndili ndi ana?"

"Dzulo madzi anapita nthawi yanji ku khola lachiwiri?" anafunsa a Sajeni.

"Masana, dzuwa lili paliwombo. Ndinangomva paipi ikulira, thanki n'kutsika ngati yabooka. Ndinati kaya, eni ake akudziwa."

A Sajeni anachotsa kamtengo kaja pakamwa. "Bambo, inu munaimba liti foni yoti mukubwera?"

A Pasipoti anakumbukira bwino lomwe. Dzulo masana, ali pabwalo la ndege, mwendo uli pa chikwama, anaimba mokweza kuti apaulendo anzawo amve: Phee, mawa ndafika, ndipeze zomwera zonse zili zodzaza ngati maso a mkamwini wolira!

* * *

Mayi wosakaniza chakudya cha ng'ombe anali mbuu ndi madeya mpaka m'nsidze. Anawaona akubwera, anazimitsa chigayo, anaika manja m'chiuno.

"Ndimati mufika liti kwa ine. Mumayamba ndi amuna, ngati ng'ombe amazidyetsa ndi iwowo."

"Tafika, mayi," anatero a Sajeni. "Khola lachiwiri munkalidyetsa ndinu?"

"Ndinkalidyetsa mpaka linasiya kudya. Ng'ombe yaludzu sidya, imangonunkhiza n'kukuyang'ana. Ndapita kwa a kapitawo, akuti dokotala walamula kuti zisale madzi chifukwa zamwa mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo wopondako phazi ntchito yamuthera. Ine ndinabereka ana, ndawamwetsapo mankhwala a njoka, sindinamvepo zosala madzi. Koma mawu a dokotala ungatsutse uli mbuu chonchi?"

A Sajeni anasuzumira pakhomo n'kukuwira dokotala yemwe ankasamba m'manja pampopi. Yankho linabwera lalifupi: pafamupo anafikapo komaliza mwezi watha, ndipo lamulo lopusa chotero sanaperekepo chibadwire.

"A kapitawo anakuuzani pafoni, poti anali m'tawuni?"

"Tawuni yake iti? Dzana anadyera pa thumba ilo, n'kundisiyira makoko a nthochi kuti ndisese."

"Nanga chakudya chomwe chinatsala chinapita kuti?"

"Kwa ana okondedwa. Khola lomaliza. Kumeneko madzi sanaphwepo ngakhale tsiku limodzi, chakudya n'chowonjezera. Za ndolo zakumanzere zija."

Ndolo ndi mmene antchito ankatchulira kachizindikiro kachikasu komwe ankaboolera pakhutu la ng'ombe iliyonse ya pafamupo.

"Mayi, mwasokoneza," anatero a Pasipoti. "Ng'ombe zanga zonse ndolo ili kumanja. Ndi lamulo langa limenelo."

"Zanu, ee." Mayiyo anasasa madeya m'manja mwake. "Bwana, ndinene? Inu mukabwera ndi alendo mumaima pa khola loyamba, mumajambulitsa, mumakamba za kunja, n'kubwerera ku ofesi kukamwa zozizira. Ku khola lomaliza munafikako liti?"

* * *

A Pasipoti anayenda wapansi, a Sajeni akubwera m'mbuyo. Anadutsa khola lachitatu, lachinayi, lachisanu, ndipo lero anaziyang'anadi ng'ombe zawo: m'chiuno mwalowa, maso alowa, m'zomwera mwangotsala timadzi ta pansi. Fungo la ndowe ndi fumbi zinkawakanda kukhosi.

Khola lomaliza linali dziko lina. Ng'ombe zonenepa, zosalala, misana ikuwala ngati yapakidwa mafuta, zikubzikula mwaulemu. Iliyonse ndolo yachikasu, ndipo iliyonse kumanzere. Phee anali atakhala pamtanda wa khola, akuziyang'ana. Sanathawe, sanatsike.

"Izi ndi za yani?"

"Zanga, achimwene."

Anayankha ngati wafunsidwa nthawi. Kenako munthu wosalankhula uja analankhula. Ankagula tiana ta ng'ombe towonda kwa anthu omwe msipu unawathera, n'kumatilowetsa m'khola lomaliza, tizidya madeya a mkulu wake, tizimwa madzi a mkulu wake. Wogula anali atapezeka kale, lole inkabwera Loweruka.

"Madzi sakukwanira makola onse. Ndinayamba ndi kusinthanitsa, lero ili, mawa ilo. Kenako dzuwa linakula, zanga zinayamba kutsika thupi wogula ali pafupi. Ndinatseka lachiwiri. Ndimati pang'ono pokha, zipirira. Ndiye munaimba foni."

"Phee." A Pasipoti anagwira mtanda wa khola. "Ndinakubereka kumsana ine. Ndinkapala ndowe zala zitauma ndi chisanu kuti iwe uvale nsapato kusukulu. Anthu akandifunsa kuti chuma chonsechi mumasiyira yani mukamayenda, ndimadziguguda pachifuwa, ndimati ndili ndi mng'ono wanga. Ukanandipempha ng'ombe, ndikanakupatsa khola lathunthu!"

"Mukanandipatsa, inde, n'kuuza dziko lonse kuti mwandipatsa." Phee anatsika pamtanda paja. "Chaka chatha ndinakuuzani kuti madzi ayamba kutsika, tichepetse ng'ombe. Munandiyankha chiyani? Munandiuza za dziko lina komwe amaweta zikwizikwi m'chipululu, mawa lake n'kuitanitsa zina. Ndinaona kuti pakamwa panga n'pongodyera. Famu iyi inafa kale, achimwene, inafera pansi. Chimanga chikuchokera kutali, madzi akutha, nyama yake sikubweza. Ine ndimangofuna ndituluke ndi kanthu denga lisanatigwere."

"N'kundisiya ine m'katimo."

Phee anayang'ana ng'ombe zake.

"Nanga munthu uja ali mu unyolo? Anakulakwira chiyani?"

"Anabwera yekha ndi ndowa."

A Pasipoti anamuyang'ana nthawi yaitali, kufunafuna pankhopepo kamwana kaja kankawagwira malaya pa maliro a mayi awo. Anapeza munthu wamkulu wa imvi za m'mbali, yemwe sankamudziwa.

"Bambo," anatero a Sajeni motsitsa mawu, "unyolo ndabwera nawo umodzi wokha, ndipo uli m'manja molakwika. Ng'ombe ndi zanu, m'bale ndi wanu. Ndimve kwa inu."

A Pasipoti anatembenukira kuchomwera. Ng'ombe ina yonenepa inaviika mphuno m'madzi n'kupemerera thovu.

"Kamasuleni wa mbuzi uja," anatero potsiriza. "Uyu mtengeni."

Phee anavula chingwe cha kiyi m'khosi, anachikoleka pamtanda. "M'thanki muli madzi a makola awiri lero. Makola atsala asanu. Musankhe nokha, achimwene."

Galimoto ya polisi itatuluka pageti, a Pasipoti anaona Wambuzi akuyenda m'mbali mwa mpanda kulowera kwawo, akusisita m'mikono, ndowa yake ili m'manja. Anafuna kumuitana, koma Wambuzi sanacheuke.

A Pasipoti anatsegula loko, analowa m'kanyumba ka mipopi. Munali motentha ngati mu uvuni. Mipopi inali pamzere, uliwonse nambala yake yolembedwa ndi penti. Anagwira wa khola lachitatu, unakana. Anaukakamiza ndi manja awiri mpaka dzimbiri linawadya m'zikhatho, ndipo unalira kwii usanalole. Wachinayi chimodzimodzi. Kenako anafika pa womaliza, anakunga mphamvu zonse ndi ukali wonse kuti autseke.

Unazungulira ndi chala chimodzi.

Anayang'ana chalacho. Chinali chakuda ndi girisi watsopano, ndipo pansi pake panali girisi wakale, ndi wina wakale kuposa pamenepo, wosanjikizana mpaka kuchita chikhakha. M'nyumba monsemo mpopi wodzozedwa unali umodzi wokhawo.

A Pasipoti anakhala pansi pasimenti, suti yakunja ili m'thupi, chala chili m'mwamba. Kunja khola lachisanu linayamba kulira, loyamba n'kulandira.